Shopu Ili M'foni ya Mkamwini

"Ena ngongole yawo ndi ya ndalama, mkamwini wanga ngongole yake ndi ya dzina," anatero Mayi Sizasi, phazi likupalasa makina. "Dzina langa lili m'thumba mwake. Akuyenda nalo, akudya nalo, ine ndili pano kulandira zinyalala zake."

Ankauza a Chipewa, bambo wa njinga yamoto amene ankanyamula katundu wa msika wa pa intaneti. A Chipewa anali atangoimitsa njinga kutsogolo kwa benchi. Anamasula chingwe, anatsitsa mapaketi, n'kuwaunjika pafupi ndi mwendo wa makina.

"Ine ndangotumidwa, mayi. Pepala likuti zobwezedwa zibwere pa benchi ino."

"Pepalalo limadya kwanu? Tatsegulani chimodzi."

A Chipewa anang'amba pulasitiki. Munatuluka chikwama cha sukulu, chakuda ngati zimene zinkalendewera pa misomali ya benchi, koma chopepuka ngati pepala, lamba mmodzi ali lende. Mayi Sizasi anachilandira ndi dzanja limodzi, n'kukoka lamba wotsalayo. Anathothoka ngati nthenga ya nkhuku yonyikidwa m'madzi otentha.

"Ichi ndasoka ine?"

"Ayi ndithu. Chanu ndili nacho kunyumba. Mwana wanga wamkulu anamaliza nacho sukulu, pano chikumunyamulira mng'ono wake."

"Nanga mkatimo mwalembedwa chiyani?"

A Chipewa anasuzumira. Pa kansalu koyera ka mkati panali mawu omwe aja amene Mayi Sizasi ankasokerera m'chikwama chake chilichonse: Msoko Wolimba.

"Nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu," anatero a Chipewa. Anasainitsa pepala lawo, analiza njinga, n'kumapita.

Nkhani yake inali yotere. Mayi Sizasi ankasoka zikwama za ana a sukulu ndi chinsalu cholimba cha tenti. Msoko uliwonse ankaubwereza, ndipo pa malamba ankapondapo mpaka singano kutentha. Dzina la Sizasi anamupatsa anzake a mumsika chifukwa cha pakamwa: munthu akayamba kutchula mtengo wachipongwe, ankamudula asanamalize. Sukulu anailekera panjira, koma kumubera chenji palibe anayesapo.

Kenaka msika unayamba kuzizira. Makolo aja ankadzaza pa benchi sukulu zikamatsegulira anayamba kugula pa foni atakhala pampando, katundu n'kuwapeza pakhomo. Mayi Sizasi si munthu wolira atakhala pansi. Anapita ku kampani ya msika wa pa intanetiwo kukafunsa malo. Anamuuza kuti abwere ndi akaunti ya kubanki. Kubanki anati abwere ndi bilu ya madzi kapena ya magetsi yolembedwa dzina lake, kuti adziwe kumene amakhala. Iye ankachita lendi zipinda ziwiri kuseri kwa nyumba ya munthu. Mpopi wa eni nyumba, mita ya eni nyumba, msewu wopanda dzina, khomo lopanda nambala. Munthu wamoyo, wosoka m'mawa mpaka madzulo, koma pa pepala kulibe.

Apa m'pamene analowera mkamwini, mwamuna wa Chisamba, mwana wake woyamba. Anthu ankawatchula a Tayi, chifukwa chiyambireni kugulitsa mafoni m'sitolo ina tayi sanaivulenso, ngakhale ntchitoyo inatha kalekale. Akaunti anali nayo, mapepala anali nawo, foni yaikulu anali nayo.

"Amayi, musavutike," anatero a Tayi tsiku limenelo, manja ali pachifuwa. "Tilembetse m'dzina langa kaye. Mapepala anu akadzakwana ndidzakubwezerani shopu yanu. Ine nditani nayo? Ngakhale batani sinditha kusoka."

Kampani inkafunanso malo odziwika okatengako katundu ndi kubwezako zimene ogula akana. Nyumba ya a Tayi nayo inalibe nambala, koma benchi ya mumsika inali nayo, yolembedwa ndi penti pa thabwa. Ndiye zinagawanika choncho: ndalama zizilowa kwa a Tayi, njinga ziziima kwa Mayi Sizasi. Tsiku limenelo palibe anaona cholakwika.

Poyamba zinayenda. Zikwama zinafika kutali kumene mwini wake sanapondeko. Ogula ankalemba mawu oyamikira n'kupereka nyenyezi, ndipo pa msika umenewo nyenyezi zikachuluka shopu imakwera pamwamba, aliyense wotsegula foni n'kuyamba kuona iyo. A Tayi ankabwera ndi ndalama atachotsapo ya kampani, ya njinga, ya intaneti, ndi ina imene ankati ya thukuta la chala. Mayi Sizasi ankakangana nawo mpaka thukuta la chalalo litatsika mtengo, koma ankalandira.

Vuto linabwera maoda atachuluka kuposa phazi limodzi.

"Sokani mothamanga, amayi. Msoko umodzi ukwana. Pa chithunzi suoneka."

"Msoko umodziwo mukasokere tayi yanuyo, bambo. Mwana wasukulu sanyamula chithunzi, amanyamula mabuku."

A Tayi anafunafuna njira ina. Anapeza kumene amagulitsa zikwama zotchipa za m'mabelo, anakadinditsa tinsalu ta dzina lija, n'kumamata mkati ndi guluu. Katunduyo ankakatula okha ku kampani. Pa foni chithunzi chinakhala chomwe chija, cha chikwama chosoka apongozi awo. Maoda a pa benchi anachepa, kenaka anatheratu. Zobwezedwa zokha ndi zimene sizinaiwale njira. Tsiku lina mayi wina anatsata nambala ya benchi mpaka kufika, n'kumugenda Mayi Sizasi ndi chikwama kumaso, msika wonse ukuona, akuti wakuba iwe. Kuchokera pamenepo ngakhale ogula a mumsika ankati akasuzumira mkati n'kuona dzinalo, chikwama ankachibwezera pa msomali mwaulemu, n'kudutsa.

Mayi Sizasi anaganiza kuti mankhwala ake ndi mapepala. Anagulitsa makina ake achiwiri, aja ankasungira tsiku la tsoka, n'kulipira kuti amuikire mpopi ndi mita yakeyake pa nyumba ya eni ake. Eni nyumba anavomera msangamsanga, n'kuseka komwe, poti mpopi susamuka ndi munthu wa lendi. Bilu itabwera, banki inamutsegulira akaunti. Kenaka satifiketi ya bizinesi, mizere yake, mabenchi ake, bwerani mawa wake. Zonse zitakwana anazikulunga m'pulasitiki. Ndiye mawa lake la tsiku lija limene a Chipewa anatula mapaketi, Mayi Sizasi anatseka benchi n'kupita ku kampani.

Mu ofesi munkazizira ngati m'firiji. Mtsikana wa pa kauntala anaona mapepala onse, n'kugwedeza mutu kuti ali bwino.

"Shopu ikhoza kusamutsidwa, mayi. Timatumiza manambala ku foni ya mwini wake. Mukatiuza manambalawo asanathe mphamvu, basi, shopu ndi yanu."

"Mwini wake ndine. Foni yanga ndi iyi."

"Pa kompyuta pano mwini wake ndi bambo awa."

"Kompyutayo inasokapo chiyani? Taonani zala izi. Mabowo awa ndi a singano."

"Ndikumva, mayi, koma sindingasinthe."

"Chabwino. Nditsegulireni ina."

"Zitheka, koma ya dzina lina, ili lili ndi mwini. Muyambira pansi, opanda nyenyezi. Kuti muoneke pamwamba muzilipira. Komanso zikwama zokhala ndi kansalu ka dzina ili simungagulitse mu shopu yatsopanoyo. Eni dzina akadandaula tidzazitenga ngati zachinyengo."

Mayi Sizasi anaweramira pa kauntala.

"Tabwerezani bwinobwino, mwanawe, makutu anga akalamba. Zosoka ine ndi zachinyengo, zomata guluu ndi zenizeni?"

Mtsikanayo anayang'ana pansi. Anatenga kapepala, n'kulembapo nambala ya foni.

"Mukakhala nawo limodzi bambowo, imbani apa. Nditumiza manambala nthawi yomweyo. Kupyola apo ndilibe mphamvu."

Masana omwewo Mayi Sizasi anadutsa ku benchi, analongedza zobwezedwa zonse m'thumba, anasenza, n'kulunjika kwa mwana wake. Chisamba anatsegula chitseko, mwana ali kumbuyo, mimba ina ili kutsogolo.

"Amayi! Osaimba bwanji kuti mukubwera?"

"Kwa mwana wanga ndiziimba? Amuna ako alipo?"

Analipo. Anakhala pa sofa watsopano wosachotsa pulasitiki, tayi ili m'khosi, foni ili pa tebulo lagalasi. M'njira yopita kuchipinda munali mabelo ofika m'chiuno, ndipo nyumba yonse inkanunkha guluu. Mayi Sizasi anatula thumba pakati pa chipinda, n'kulikhuthula. Zikwama zoduka malamba, zophulika mazipi, zong'ambika pansi, zinamwazika mpaka pa nsapato za a Tayi.

"Katundu wanu anasokera kwanga, bambo. Ndakubweretserani. Ya mutu wanga sindikulipiritsani."

"Khalani pansi, amayi. Mayi a mwana, tapatsani amayi madzi."

Chisamba anabwera ndi kapu, anagwada, n'kupereka ndi manja awiri. Mayi Sizasi sanayang'ane madzi. Anayang'ana zala. Nsonga zake zinali zitauma guluu, zoyera, zosweka. Zala zomwe zija anaziphunzitsa yekha kulowetsa ulusi pa singano, mwini wake asanayambe n'komwe sukulu. Chisamba anazindikira, n'kubisa manja m'mphepete mwa diresi.

Mayi Sizasi anaika kapu pansi osamwa. Anatulutsa mapepala ake, n'kuwayala pa tebulo.

"Munati mapepala akadzakwana. Akwana. Akaunti iyo, bilu iyo, satifiketi iyo. Ndikuimba ku kampani, manambala abwera pa foni yanuyo, mundiwerengere. Tikatha apo ine ndi inu tilibe mlandu."

"Amayi, nkhani iyi si yothamangira."

"Ndathamanga liti? Mwana ali kumbuyoyu anali asanabadwe pamene munalonjeza. Pano akutchula agogo."

Mayi Sizasi anaimba foni. Mtsikana uja anayankha, n'kunena kuti watumiza. Posachedwa foni ya pa tebulo inanjenjemera, n'kuwala. A Tayi anaiyang'ana. Chisamba, amene anali atagwadabe pafupi ndi tebulo, nayenso anaiyang'ana. Mayi Sizasi anali kutali, ndipo tizilembo ta pa foni maso ake anali atasiya kale kutiona.

"Werengani."

A Tayi anakonza tayi.

"Amayi, tiyeni tikambe chilungamo. Shopu ija munandipatsa inali ya zikwama zochepa. Iyi ndamanga ine. Zithunzi ndajambula ine, ogula ndimayankha ine, akatukwana amatukwana ine."

"Pa foni. Chikwama cha kumaso chinagwera ine."

"Pepani pa chimenecho."

"Pepani sapoletsa chilonda. Werengani manambala."

"Mabelo mukuwaonawo ndinatenga pa ngongole. Ndikakupatsani shopu, ndiwagulitsira kuti? Dzina latsopano palibe angaliyang'ane. Inu nomwe mukudziwa."

"Nyenyezi zimenezo zinabwera ndi guluu?"

"Nyenyezi zili m'dzina langa."

Apa Mayi Sizasi anachita chimene sanachitepo chiyambireni malonda. Anayamba kutsitsa yekha, wogula asanapemphe.

"Chabwino. Bwezani shopu, inu mukhale wa zithunzi ndi wa foni. Thukuta la chala lija ndikupatsani momwe munkafunira poyamba, sinditsitsanso."

"Ayi, amayi."

"Tigawane pakati. Ine nsalu yanga, ulusi wanga, msana wanga, koma pakati."

"Phazi lanu limodzi silingadyetse nyumba ziwiri."

"Ndiye khalani nayo shopuyo mpaka mabelo athe. Koma dzina langa lichoke m'zinyalala izi. Gulitsani zopanda kansalu."

"Popanda kansalu si Msoko Wolimba."

"Ndi kansalu komwe si Msoko Wolimba!"

Mwana wa kumbuyo anadzidzimuka n'kuyamba kulira. Foni inali itazima. A Tayi anaigwira kuti aone nthawi, n'kuwalanso, manambala ali pomwepo. Mayi Sizasi anatembenukira kwa mwana wake.

"Iwe Chisamba. Sukulu ndinakulipirira ndi malamba a zikwama. Maso uli nawo. Tawerenga apo."

Chisamba anayang'ana foni. Milomo yake inagwedezeka pang'ono, ngati akuwerenga chamumtima. Anayang'ana mwamuna wake, mabelo, kenaka mimba yake.

"Amayi," anatero chapansipansi, "ife tidya chiyani?"

A Tayi anatambasula dzanja, anatenga foni, n'kuiika chafufumimba pa galasi.

"Sindibweza, amayi. Kaya lero kaya mawa. Mukafuna, ndizikupatsani kangachepe pa mwezi ngati kholo lathu."

"Ngati kholo."

"Eya."

"Kangachepeko mugulire mwana wanga sopo wochotsa guluu."

Foni ya Mayi Sizasi inalira. Anali mtsikana wa ku kampani, akuti manambala aja atha mphamvu, kodi atumize ena? Mayi Sizasi anati musavutike. Anatola mapepala ake limodzilimodzi, anawabwezera m'pulasitiki, anapinda thumba lake lopanda kanthu, chifukwa thumba ndi ndalama, n'kutuluka. Chisamba anamutsatira mpaka pakhomo, akuti amayi, amayi. Mayi Sizasi anangogwira phazi la mdzukulu wake, n'kumapita osacheuka.

M'mawa mwake anafika ku msika anzake asanayale. Makina sanawavundukule. Anatsitsa zikwama zonse pa misomali, anakhala pa mpando, n'kutenga lezala. Tinsalu take sitinali tomata. Anali atatisoka ngati malamba, mobwerezabwereza, ndiye kutichotsa inali ntchito. Lezala inkaterereka, ulusi unkakana. Anatukwana dzanja lake lomwe chifukwa chosoka bwino. Kansalu kalikonse kakachoka ankakaponya m'chitini cha zidutswa.

Dzuwa litakwera a Chipewa anafika, thumba la kumbuyo lili tho.

"Lero ndiye achuluka, mayi. Sukulu zatsegulira, malamba ayamba kuyankhula."

"Mukufuna ndani?"

"Aa, mayi, mwandiiwala? Msoko Wolimba."

"Sakhala pano. Anasamuka."

A Chipewa anayang'ana chitini, anayang'ana lezala, n'kuvula chipewa chawo.

"Koma pepala likuti benchi ino."

"Pepala lomwelo likuti mwini wake ndi a Tayi. Mverani pepala lonse, osati theka. Mutsike ndi msewu wa kuseri kwa chigayo, mudutse pa ngalande, mukhotere pamene pali galimoto yakufa. Nambala musafune, kulibe. Muzingotsata fungo la guluu."

"Mukakana kusaina, zibwerera ku kampani. Zikachuluka shopu aitseka. Mwana wanu amadya pomwepo."

Lezala inaima. Mayi Sizasi anayang'ana chikwama cha pamwendo pake.

"N'chifukwa chake ndakulozerani njira," anatero. "Akasaine yekha. Dzanja ali nalo, ndaliona."

A Chipewa anamanganso chingwe chimene anali atayamba kumasula, n'kutembenuza njinga.

Cha kumasana kunabwera bambo wina atagwira mwana wa yunifolomu yatsopano. Anatsitsa chikwama chimodzi, anatsegula zipi, n'kusuzumira mkati. Anangopeza tiulusi toduka.

"Ichi chilibe dzina. Anasoka ndani?"

"Kokani lamba."

Bamboyo anakoka. Anaponda lamba wina ndi nsapato n'kukokanso, mpaka mitsempha ya m'khosi kuoneka. Msoko sunasunthe.

"N'cholimba," anatero. "Koma pa foni pali za Msoko Wolimba, zodziwika, ndipo n'zotsika mtengo kuposa apa. Chopanda dzina ngati ichi ine ndingapereke..."

Wogulitsa mazipi wa benchi yoyandikana anasiya kuwerenga katundu wake, n'kutchera khutu, kudikira kuti Sizasi adule. Bamboyo anatchula mtengo wake wonse, mpaka kumapeto, mtengo wongokwana nsalu ndi ulusi. Palibe anamudula. Kunyumba kwa Mayi Sizasi kunali lendi, ndi bilu ya madzi yolembedwa dzina lake bwinobwino.

"Bweretsani," anatero Mayi Sizasi.

Anamuveka mwanayo chikwama kumsana, anamukonzera malamba kuti akwane mapewa, n'kutolanso lezala.